Keke yopendekeka ya ma tier atatu imasemedwa bwanji kuti isagwe?

Nachisale: Moni nonse pa gulu. Ndalandira oda ya keke ija yopendekeka, topsy turvy, ma tier atatu, ndiye kuti makeke atatu osanjikizana, kasitoma wanditumizira chithunzi cha pa Pinterest. Ma tier owongoka ndimasanja bwinobwino koma iyi ndayiyang'ana mpaka mutu kuwawa, yapakati yapendekera kumanzere yapamwamba kumanja nde chikuigwira nchani? Maganizo anga ndi oti ndidule pamwamba pa tier iliyonse mopendeketsa kenako ndingokhazika inzake pamenepo nkuika ma dowel ambiri, timitengo tija timabaya mu keke kuti tichirikize tier yapamwamba. Ndithandizeni akuluakulu ndisanawononge mazira.

Thoko: Ayi ayi asisi musayerekeze, ikafika ku phwando itagona chammbali kkkk. Dikirani Mayi a Pempho abwere, ndi amene amazitha zimenezi.

Mayi a Pempho: Ndabwera, manja anali mu icing. Achemwali choyamba chotsani m'mutu zoti keke imeneyo ndi yopendekekadi. Timangonamiza maso. Chopendekeka ndi pamwamba pa tier ndi m'mbali mwake basi, koma pomwe pakhala tier inzake pamakhala pa flat penipeni, mukaikapo levulo kathovu kaja kamaima pakati. Timakumba dzenje pamwamba pa tier yapansi, pansi pa dzenjelo nkusalaza, tier yapamwamba nkulowa mmenemo ndi bolodi lake. Woona kunja amayesa yakhazikidwa pamtsetse chifukwa mzere umene akuuona ndi wa m'mphepete mwa dzenje. Zimene mukuganizazo vuto lake ndi loti dowel imanyamula katundu wotsika molunjika pansi. Mukakhazika tier pamtsetse kulemera kwina kumakankhira chammbali, ndipo chammbali kulibe chogwira koma keke yofewa, nde ma dowel aja amayamba kung'amba keke pang'onopang'ono olo muike 20.

Nachisale: Eeeh nde mkati monse ndi mowongoka? Ndiye ndiyambire pati amayi, kukumba kapena kupendeketsa?

Mayi a Pempho: Muyambire ku keke yeniyeniyo. Sponge yopepuka kapena chiffon iwalani, imanyenyeka pa mpeni komanso siyinyamula inzake. Phikani yolimba thupi, madeira, pound cake kapena mud cake. Tier iliyonse ikhale ndi ma layer atatu a masentimita 5, musaumire, chifukwa mbali ina idzadulidwa ndipo ina idzabisika m'dzenje, mukayamba ndi tier yaifupi pomaliza imaoneka yonyozeka. Ikazizira ikulungeni igone, musaseme keke yophika tsiku lomwelo.

Kupendeketsa ndi masamu ochepa chabe. Tengani layer imene ikhale pamwamba, ya masentimita 5 ija. Mbali imodzi mpeni uyambire pamwamba penipeni, mbali inayo ukatulukire masentimita 2.5 kuchokera pamwamba. Bayani timitengo totokosera mano kuzungulira kuti mpeni uzitsatira, apo ayi umasochera pakati. Chidutswa chimene chachoka chimakhala chonenepa mbali imodzi chopyapyala mbali inayo. Musataye. Chizungulitseni kuti mbali yake yonenepa ikakhale pa mbali yaitali ya layer yotsalayo, matani ndi ganache, phala lija la chokoleti chosakaniza ndi kirimu. Pamenepo mbali imodzi yakwana 7.5 inayo 2.5, kusiyana masentimita 5 chonsecho simunataye keke olo pang'ono. Kusiyana kumeneko nkokwanira, makamaka poyamba. Anthu amafuna mtsetse waukulu kuti pa chithunzi idabwitse koma ukakula mtsetse dzenje nalo limazama, khoma la dzenje limatalika, ndipo ndi khoma limenelo limene limathyoka.

Kenako m'mbali. Tier iliyonse imakhala ngati ndowa, yotakata pamwamba yopanikizika pansi. Yapansi mwachitsanzo 25 cm pamwamba 20 cm pansi, yapakati 20 pamwamba 15 pansi, yapamwamba 15 pamwamba 10 pansi. Ine ndimasema m'mbali ndisanaike chidutswa chopendekeka chija. Ndimasanja ma layer, kuika mu firiza kwa mphindi 30 mpaka 45 kuti ilimbe koma isaume gwa, kuitembenuza chadodolido, kuika bolodi laling'ono pakatikati pa matako ake, nkumadula ndi mpeni wa mano uja wodulira buledi kuchokera m'mphepete mwa bolodi laling'ono kutsetsereka mpaka m'mphepete mwa mbali yaikulu. Pang'onopang'ono mukuzungulitsa turntable, muzisenga tizidutswa topyapyala osati kugwetsa chigawo chonse kamodzi.

Thoko: Pa bolodi laling'onolo ndiwonjezere, yezani ndi rula mbali zinayi kuti lilidi pakati. Likasuntha ndi sentimita imodzi yokha mbali ina imatuluka yotsetsereka kwambiri ina yowongoka, ndipo mudzazindikira mutaika kale fondant, chovala cha shuga chija timafutukula nkuphimbira keke.

Mwana wa Uvuni: pepani funso la mwana, bwanji osangophika mu matini osiyana, 25, 23 ndi 20 nkusanja yaikulu pamwamba? sizichepetsa zodula?

Mayi a Pempho: Si funso la mwana limenelo, ambiri amatero ndipo zimapulumutsa keke yambiri. Mumangosenga masitepe aja kuti asalale. Ngati matini muli nawo chitani choncho.

Ankolo Zokeke: Ndawerenga zonse koma mayi ndikutsutsani pang'ono. Mwanena ngati njira ndi imodzi yokha. Keke zina zimene anthu amaziona pa Pinterest nzopendekekadi, tier yonse ndi bolodi lake lomwe. Amaika wedge, chidutswa cha styrofoam chonenepa mbali imodzi chopyapyala mbali inayo, pakati pa ma tier, ndipo chonsecho chimagwidwa ndi chitsulo chamazinga chimene chamangidwa ndi ma nut ndi ma washer pa thabwa lapansi, chitsulocho amachiveka straw yaikulu kuti chisakhudze keke. Bolodi lililonse limamangidwa pa chitsulo chomwecho. Wedge amaibisa ndi maluwa kapena riboni. Palibe kusema, palibe kukumba, keke yonse imadyedwa. A Nachisale taonetsetsani chithunzicho, ngati pakati pa ma tier pali mpata wodzaza maluwa ndiye si ya dzenje imeneyo.

Nachisale: Palibe mpata ankolo, ma tier akhudzana, pali timipira ta fondant tokha kuzungulira.

Mayi a Pempho: Nde ndi ya dzenje, timipirato tikubisa msoko. Bambo sindikukana, njira yanuyo ilipo ndipo imagwira, koma mukumuuza munthu amene sanapangepo kuti akatenge drill ndi sipanala. Komanso tinene zoona, mu njira yanuyo chitsulo chimagwira bolodi, koma ma layer amene ali pa bolodilo ali pamtsetse weniweni, filling, zopaka zapakati pa ma layer zija, ikangofewa layer yapamwamba imayamba ulendo.

Ankolo Zokeke: Imayamba ulendo ngati mwaika jamu. Ndi ganache yolimba ndi mtsetse wochepa siyisuntha. Ndipo ine chimene chimandiwawa ndi dzenje lanulo nchoti mumadula keke yabwinobwino, kasitoma walipira ya anthu ambiri koma ina yathera mu beseni la zinyenyeswa.

Mayi a Pempho: Za zinyenyeswa mukunena zoona. Nchifukwa chake powerengera anthu odya sindiwerengera kukula kwa pamwamba, ndimatenga kwa pakati, tier ya 25 pamwamba 20 pansi ndimaiyesa ya 23 kapena kucheperapo, ndipo kasitoma ndimamuuziratu. Koma pa kulimba sindisuntha, chowongoka mkati chimayenda mtunda.

Thoko: awiriwa akayambana timaphunzira ndife kkkk pitirizani

Nachisale: Chonde tibwerere ku dzenje, ndi pamene ndikuopa. Ndikumba nthawi yanji, lakuya bwanji?

Mayi a Pempho: Mukamaliza kusema m'mbali ndi kumata chopendekeka chija, ibwezereni mu filiji ilimbe. Kenako tengani bolodi lofanana ndi matako a tier yapakati, la 15 cm lija, liikeni pamwamba pa tier yapansi nkulemba mzere kuzungulira ndi nsonga ya mpeni. Mzerewo utuluke kunja kwa bolodi ndi theka la sentimita chifukwa tier ikubwerayo idzakhala itavala ganache ndi fondant, yanenepa. Dzenje likhale pakatikati molingana ndi bolodi lapansi pa tier, musalikokere kumbali yaitali poganiza kuti zikongola, kulemera konse kukuyenera kutsikira pakati.

Tsopano dulani motsatira mzerewo mpeni uli chiimire, osaupendeketsa kutsatira mtsetse. Mbali yaifupi simukumba kwenikweni, mwina theka la sentimita kuti pakhale kamlomo. Mbali yaitali ndi kumene kukuya. Werengani nokha, ngati pa 25 cm mtsetse watsika masentimita 5 ndiye pa 15 cm utsika masentimita 3, nde kumbali yaitali dzenje lizama masentimita 3 kuphatikizapo ka theka kaja. Kuti muchotse za mkati lowetsani mpeni chogona kuchokera mbali yaifupi, muziseula pang'onopang'ono mu tizidutswa. Mukatero ikani bolodi lija mkati, levulo pamwamba pake, yezani kutsogolo ndi kumbuyo, yezaninso kumanzere ndi kumanja. Kathovu kakathawira mbali imodzi senganiko pang'ono kumene kwakwera. Musapitirire kathovu kasanaime pakati, apa nde pagona keke yonse. Pomwe mwakumba mopitirira sakanizani zinyenyeswa ndi ganache nkutsekapo, ikauma imalimba kuposa keke.

Khoma lotsala kuzungulira dzenje likhale masentimita 4 kapena 5. Nchifukwa chake ma tier a keke imeneyi amasiyana kukula kwambiri, mukaika ya matako 20 pa ya pamwamba 23 khoma limakhala lopyapyala ndipo kumbali yaitali kuja lilibe chochirikiza pansi pake chifukwa munasenga m'mbali. Ndinaonapo ina pa phwando lina, mng'alu unayambira pomwepo pansonga yaitali, poyamba fondant inangochita kamzere koyera ngati yakandika, patapita nthawi chigawo chonse chinayamba kulekana ndi tier yapamwamba mpaka kumaoneka chokoleti mkati, eni ake anachita kuizungulitsa kuti mbali imeneyo iyang'ane kukhoma.

Nabanda: Moni. Ine ganache sindinaizolowere, buttercream singagwire?

Thoko: Imagwira ngati kunja kukuzizira komanso keke ikukhala mu filiji mpaka nthawi yomaliza. Koma batala amasungunuka pa madigiri 32 mpaka 35 ndipo amayamba kufewa asanafike pamenepo, nde keke yoti m'mbali mwake mwalowa mkati buttercream yofewa imatsetsereka kutsika ndi fondant yomwe. Ganache ikauma imakhala chigoba. Si yovutanso asisi, chokoleti chakuda magawo awiri kirimu gawo limodzi, poyeza pa sikelo osati pa kapu. Choyera magawo atatu kirimu limodzi, kukatentha ena amafika anayi. Tenthetsani kirimu, thirani pa chokoleti chodulidwa, dikirani pang'ono, takasani mpaka zisalale, isiyeni igone ifike popakika.

Ankolo Zokeke: Apa pokha ndikugwirizana ndi onse. Ganache. Ndipo mkati mwa ma layer musaike zoterera, jamu, zipatso, custard ayi. Filling yopyapyala basi.

Nabanda: nanga kasitoma akakakamira buttercream chifukwa cha kakomedwe?

Mayi a Pempho: Buttercream mkati mopyapyala, kuzungulira m'mphepete muike mpanda wa ganache kuti isatuluke, kunja konse ganache. Onse asangalala. Ndipo mukasanja ma layer ikani bolodi pamwamba ndi kanthu kolemera pang'ono kwa maola angapo musanaseme kuti mpweya ndi filling zikhazikike, apo ayi mudzaona mimba ikutuluka pansi pa fondant mawa lake. M'dzenje namo pakanimo ganache mopyapyala ndipo mukapaka yezaninso ndi levulo.

Nachisale: Ma dowel nde alowa m'dzenjemo?

Mayi a Pempho: Eya, ndipo poti pansi pake ndi pa levulo onse amakhala ofanana kutalika, palibe zodula mopendeketsa. Lowetsani imodzi mpaka igunde bolodi, lembani pomwe yalekezera, itulutseni, dulani ena onse poyezera pa imeneyo. Musamayeze iliyonse payokha. Pansi pa tier ya matako 15 cm yonyamulanso inzake ndimaika asanu mozungulira, pansi pa yapamwamba anayi. Chenjezo limodzi limene pa keke yowongoka simuliganizira nkomwe, matako a tier ndi opanikizika. Mu tier yapakati dzenje ndi la 10 cm matako ndi 15, dowel ikangolowa mopendekera kunja ikhoza kuphonya bolodi kapena kutulukira m'mbali. Lowetsani chiimire ndipo musayandikire kwambiri m'mphepete mwa dzenje.

Mwana wa Uvuni: ma straw akuluakulu aja a bubble tea angalowe m'malo mwa mitengo?

Thoko: Ine ndi amene ndimagwiritsa ntchito, amadulika ndi sizasi komanso sakankha keke chifukwa keke imalowa mkati mwake. Koma yapakati ija yodutsa ma tier onse ikhale ya mtengo.

Ankolo Zokeke: Ndipo yapakatiyo musangoti mwasongola nkukhoma ndi hamala kuchokera pamwamba ngati mmene ena amachitira. Pa mabolodi opyapyala zimatheka koma keke yosemedwa simufuna kuigwedeza. Boolani mabolodi onse pakati musanaikepo keke, dowel imangiriridwe pa drum, bolodi lapansi penipeni lonyamula keke yonse, ili chiimire, ma tier muzichita kuwaveka kuchokera pamwamba. Drum nayo ikhale yochindikala yosapindika mukainyamula, ikapindika ganache imang'aluka.

Mayi a Pempho: Mwaona bambo, sipanala ija mwailowetsabe kkkk. Koma nzoona, kuveka kuli bwino kuposa kukhoma. Pansi pa dzenje pakaniponso ganache kapena royal icing pang'ono kuti bolodi limatike.

Chinanso pa kusanja, mbali yaitali ya tier yapakati ikhale kumene kuli mbali yaifupi ya yapansi, yapamwamba itembenukenso. Ndi zimene zimabweretsa maonekedwe aja a uku ndi uku, komanso kulemera sikuunjikana mbali imodzi. Musanaveke fondant yesererani kusanja zonse zili mu ganache youma, imani patali muyang'ane, pomwe sipakukhala bwino mukonzeretu.

Nabanda: Fondant nde ikhala nkhondo pa shape imeneyi. Yowongoka yomwe imandipangira mapindo pansi.

Thoko: Ndi nkhondodi sindikunamizani. Pansi mpopanikizika nde fondant yotsala imachuluka, mapindo amachuluka. Ndipo pansonga yaitali paja ndi pamene imang'ambika chifukwa yonse ikulendewera pamenepo. Mmene ndimachitira, ndimafutukula yochindikala pang'ono, mamilimita 4, ndimakhazika tier pa chitini chocheperapo kuposa matako ake kuti fondant izilendewera momasuka, ndikangoiyala ndimathamangira kumata m'mphepete mwa pamwamba kuyambira kunsonga yaitali, ndikadula yolendewera yambiri ija msanga kuti isakoke, kenako ndimatsika pang'onopang'ono dzanja limodzi kutambasula pindo linalo kusisita. Nsonga ya ganache musainole kwambiri, imacheka fondant.

Mayi a Pempho: Kapena osalimbana nazo, vekani m'zigawo. Pamwamba payokha, m'mbali mpayokha, msoko mubise ndi kachingwe ka fondant. Ndipo keke zamtunduwu nthawi zambiri zimakhala ndi mizere, madayamondi, madontho, zonsezo zimabisa zambiri. Mizere yotsika imathandizanso kunamiza maso, mukaipendeketsa pang'ono kutsatira mtsetse tier yonse imaoneka ngati yagwa mbali.

Nachisale: Nanga fondant ya pa dzenje, ndiisiye kapena ndiidule?

Mayi a Pempho: Mukayala pamwamba imakhala ngati yaphimba dzenje ndipo pansi pake pali mpweya. Ing'ambeni pakati ndi mpeni mpweya utuluke, ikanikizeni itsatire khoma la dzenje mpaka pansi, ya pansi penipeni idulenimo muchotse kuti bolodi likhale pa ma dowel mwachindunji. Chitani ikadali yofewa. Ndipo tier yapamwamba muilowetse fondant ya m'mphepete mwa dzenje isanaume kwambiri, youma ikakankhidwa imachita ming'alu.

Ankolo Zokeke: Funso kwa mayi. Tier yanu kumbali yaitali ikupitirira masentimita 17 ndi filling. Simuika bolodi lina pakati?

Mayi a Pempho: Pa mud cake kapena madeira ya ma layer atatu sindiika, ma dowel ndi amene akunyamula za pamwamba, keke ikungodzinyamula yokha. Ndikafika ma layer anayi ndimaika bolodi pakati ndi ma dowel akeake pansi. Koma kwa woyamba ndingati akhale pa atatu.

Ankolo Zokeke: Ine ndikanaikabe pa yapansi. Koma chabwino.

Mwana wa Uvuni: kunyamula bwanji, yosanja kale kapena kukasanjira komweko?

Thoko: Apa anthu amasiyana. Ine ziwiri zapansi ndimasanjiratu, yapamwamba ndimakaveka komweko nditatenga timipira tapadera ndi royal icing mu piping bag. Keke inyamuke ili yozizira, bokosi likhale pansi pa galimoto pa flat ndi kamphasa kosaterera, osati pampando chifukwa mipando ndi yopendekera kumbuyo, osatinso pamiyendo pa munthu.

Nabanda: ikatuluka mu filiji fondant sichita thukuta?

Thoko: Imachita kukakhala chinyontho. Ikhale m'bokosi la katoni lotseka ikamalowa mu filiji ndi potuluka pomwe, chinyontho chimagwera pa katoni. Ikachitabe musaikhudze, zala zimasiya zizindikiro, imauma yokha.

Nachisale: Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Ndiyamba ndayeserera pa ma tier awiri ang'onoang'ono. Funso lomaliza, odula keke ku phwando ndiwauze chani, poti adzayesa adule ili chomwecho.

Mayi a Pempho: Alembereni kapepala. Achotse tier yapamwamba poikweza molunjika m'mwamba kuti ivuke pa dowel yapakati, asaikokere chammbali, aike patebulo, adule. Kenako azule ma dowel a m'dzenje la yotsatira, muwauze kuti alimo angati kuti asasiye ina mu chidutswa cha munthu. Zidutswa sizikhala zofanana, za kumbali yaitali azidula mopyapyala za kumbali yaifupi monenepa.

Ankolo Zokeke: Ndipo poyesererapo a Nachisale mutijambulire levulo ili m'dzenje, mbali zonse ziwiri, musanapake ganache. Ndikufuna ndione kathovuko ndi maso anga.